Akalaliki ndi Mphongo ya Gulu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, dzina lawo lenileni ngakhale ana awo amachita kulikumbukira. Mtunda wonse umawatchula kuti Akalaliki. Dzinali analiputa okha, chifukwa munthu akawafunsa za ntchito ankayankha mothamanga kuti, "Ndimalembalemba ku ofesi ya famu ya nkhosa," kenako n'kufunsa ngati kwanu mvula yagwa.

M'mawa uliwonse ankatuluka atavala shati yosita, tayi pakhosi, zolembera ziwiri m'thumba la pamtima. Mwendo wa thalauza ankaupana ndi chopanira zovala kuopa tcheni cha njinga. Madzulo ankabwera ali oyera chimodzimodzi, koma akununkhira sopo moti ine, mlamu wapakamwa, ndinkawafunsa ngati ku ofesi kwawoko amalemba ndi sopo. Ankangomwetulira n'kubisa manja kumbuyo. Pansi pa sopoyo pankamveka kafungo kena kolimba, ndipo tsiku lina ndinawanong'oneza achemwali za kafungoko. Iwo anandiyankha akusita shati ya mawa, osakweza n'komwe mutu.

"Mng'ono wanga, mwamuna wobwera ndi fungo la nkhosa ndi wabwino. Woopsa ndi wobwera ndi fungo la mafuta odzola a mkazi wina."

Zoona zake ndinazidziwa mochedwa. Ndikuzinena lero chifukwa amayi athu anatisiya, ndipo alamuwo anandiloleza ndi pakamwa pawo, ngakhale kuti anandiloleza akuyang'ana khoma.

Anakulira m'nyumba ya mphunzitsi wokhwimitsa zinthu. Tambala akayamba kuthamangitsa thadzi pabwalo, bamboyo ankalamula ana onse kuti alowe m'nyumba akawerenge. M'nyumba imeneyo makanda onse ankagulidwa kuchipatala, ndipo alamu anga anafika potsiriza sukulu asanamvepo munthu wamkulu akutchula chiwalo chilichonse cha pakati pa mchombo ndi bondo. Mayeso omaliza sanawayendere bwino, koma anali ndi dzanja lokongola polemba, choncho famu ina yoweta nkhosa za mbewu inawalemba ntchito. Poyamba ukalalikiwo unali woona. Ankaima m'khola ndi kabolodi kopanirapo mapepala, mkulu wina wachikulire akugwira nkhosa n'kumatchula manambala, iwo akulemba. Msana wa mkuluyo utatha, bwana wa famu anangowapatsa tepi yoyezera imene mkuluyo ankagwiritsa ntchito n'kunena kuti, "Inu mwakhala mukuona, mudziwa." Cholembera anapatsa wina. Kunyumba sanakanene, ndipo bambo awo anamwalira akudziwa kuti ali ndi mwana wa m'ofesi. Pofunsira achemwali anga ananenanso mawu omwewo, ndipo kuchokera pamenepo bodzalo linakhala ngati mwana wa m'nyumba, lofuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku.

Ntchito yake inali iyi. Pafamupo ankaweta nkhosa zamitundumitundu: zina zoyera zikuluzikulu zaubweya, zina zamutu wakuda, ndi tina tofiirira ta michira yonona ngati tathu ta kumudzi. Mwezi ndi mwezi ana a nkhosa aamuna ankawalowetsa m'kanjira kopanikiza, mmodzimmodzi. Akakwera pasikelo, amuna awiri ankaigwira nkhosayo, ndipo alamu anga, atavula tayi n'kuvala ovolosi, ankagwada kumbuyo kwake bondo lili m'ndowe. Ankatsitsa pang'onopang'ono thumba la mavalo, kulizunguliza tepi pamene latupa kwambiri, n'kutchula nambala mokweza. Kenako ankafinya pang'ono ndi zala kuti amve ngati mwalimba. Manambala amenewo ndi amene ankauza mabwana kuti mtundu uti umatha msinkhu liti, mphongo iti ndi yoyenera kukwera, ndiponso nthawi yochotsa tiana tatimuna pakati pa amayi ndi alongo awo.

Ntchitoyo ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Mphongo zoponda anthu ena zinkaima phee m'manja mwawo. Anandiuza kuti chinsinsi chake n'chaching'ono: kukazizira, umayamba wafunditsa manja m'khwapa, ndipo umalankhula nayo nyamayo usanaikhudze. Chachikulu chimene zala zawo zinaphunzira n'chakuti thupi limanamiza. Tofiirira tija timakhwima tidakali kulondola amayi awo, mwina pa miyezi inayi kapena isanu. Zoyera zikuluzikulu zimayamba zamanga thupi, kukhwimako kumabwera pambuyo, moti ukhoza kuiona mphongo yoopsa ngati thole koma m'kati idakali khanda. Akanakhala kuti nzeru zimenezi amazigwiritsa ntchito pa anthu atavala khoti loyera, bwenzi tikuyenda chodzitukumula. Koma iwo ankaona kuti munthu wogwada kumbuyo kwa nkhosa sangakhale pampando wapatsogolo kutchalitchi. Anzawo a kuntchito anawapatsa dzina lina limene mpaka lero amakana kundiuza.

Tsopano ndinene za amayi athu. Anali mkazi wamasiye, wosalankhulalankhula, wokhala ndi nkhosa zochepa zofiirira kuseri kwa nyumba. Banja langa litatha ndinabwerera kwa iwo ndi ana anga, ndipo nkhawa yawo inali yakuti akadzapita adzandisiyira chiyani. Ndiye analowa gulu la alimi a nkhosa. Gululi linkakhala ndi mphongo imodzi ya mtundu waukulu, imene inkakhala pakhomo limodzi miyezi iwiri kenako n'kupita pakhomo lina. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo wapampando ankalibwereza pamsonkhano uliwonse: mphongo ya gulu isanafike, chachimuna chilichonse m'khola mwako uchichotse kapena uchithene. Wophwanya lamuloli ankachotsedwa m'gulu. Amayi anadikira zaka, akupita kumisonkhano ndi ndodo yawo, mpaka nthawi yawo inakwana.

"Ukadzakhala ndi nkhosa zooneka," ankandiuza, "sudzapempha mchere kwa mwamuna."

Mphongo yawo yakale anaipereka kwa msuweni wawo wakutali. Chachimuna chimene chinatsala chinali Kamasiye, kamwana ka nkhosa kamene mayi wake anafa pobereka. Amayi anakalera ndi botolo, kankagona pakhomo la khitchini, ndipo kankawalondola ngakhale popita kukayanika zovala. Kanali kofiirira, kamiyendo yoonda, kokhala ndi banga loyera pakhutu. Palibe aliyense wa ife amene anakawerengera m'gulu la amuna. Kanthu kolirira botolo ndi kukathena? Tinkaona ngati nkhanza.

Nthawi yathu inakumana ndi mphongo yatsopano, chifukwa yakale ya gulu inali itakalamba. Wapampando anakasankha yekha kwa woweta wina, ndipo anasankha monga tikanasankhira tonsefe, analoza yaikulu kuposa zonse. Inafika pangolo, yoyera mbee, msana wotambalala ngati benchi. Anthu anabwera kudzaiona ngati kwabadwa mwana. Anansi angapo, ndi chilolezo cha gulu, anabweretsa nkhosa zawo zazikazi kuti zikhale m'khola mwathu.

Lamlungu lotsatira amayi anatumiza mawu kuti akamwini awo abwere adzaone mlendo. Ndinadabwa, chifukwa amayi sankaitana akamwini pa zinthu zazing'ono, ankawapatsa ulemu wa patali. Alamu anafika masana pochokera kutchalitchi. Atamwa tiyi, tonse tinapita kukhola. Iwo anaima pafupi ndi chipata, manja kumbuyo monga mwa nthawi zonse.

Zimene anaona tsiku limenelo anandifotokozera patapita zaka. Mphongo ija itatembenuka kuti idye, diso lawo linapita kumene linazolowera. Thumba linali laling'ono, lokwera m'mwamba, la mwana. Nkhosa zazikazi zinkaidutsa pamphuno iyo ili kalikiliki ndi msipu. Ndiye pakona anaona Kamasiye kakununkhiza kumbuyo kwa nkhosa ya anansi, n'kukweza mutu, n'kupinda mlomo wam'mwamba mano onse pamtunda. Ana anga ankaseka, amati kakumwetulira. Alamu ankadziwa kuti mphongo ikachita zimenezo ndiye kuti yakula.

Amayi anafunsa akuyang'ana pansi. "Mwaiona bwanji, bambo?"

"Ndi yokongola, amayi."

"Kukongolako ndakuona ndekha."

"Ndi yaikulunso ndithu."

Amayi anagogoda ndodo pansi n'kutiuza kuti, "Tiyeni nonse kunyumba, mukandithandize kuchotsa makapu. Asiyeni alamu anu acheze ndi mlendo." Ine ndinkafuna kutsutsa kuti makapu anayi safuna gulu la anthu, koma anandiyang'ana ndi diso lija, ndipo ndinanyamuka.

Alamu akuti atatsala okha anagwira chipata. Ankangofuna kulowa, kuigwira kamodzi kuti atsimikize, basi. Anali atatsegula kale pang'ono pamene mutu wa mayi wa nyumba yoyandikana nafe unatulukira pamwamba pa mpanda.

"Akalaliki! Samalani nsapato, muli ndowe umo!"

Anatseka chipata, n'kumuthokoza mayiyo chifukwa chowachenjeza.

Apa ndiye pamene ine magazi amandiwira mpaka lero. Mawu ofunika anali ochepa: chotsani Kamasiye, ndipo pemphani gulu kuti mphongoyi iyambe yakula. Koma munthu wa m'ofesi angadziwe bwanji zimenezo? Ndipo angazinene bwanji kwa apongozi ake? Panjira pobwerera anaganiza zouza akazi awo kuti iwo akauze amayi, koma achemwali akanafunsa funso lomwelo. Anati anena mawa. Mawa lake anadziuza kuti mwina mphongoyo ikhwima isanachoke, kapena nkhosa zazikazi zizikagunda kamwanako. Kamodzi kokha anayesa njira yokhota, anatumiza mawu kuti ana awo akukafuna Kamasiye kuti azisewera nako. Amayi anayankha kuti kangamalire usiku kusowa botolo, ndipo alamu sanaumirire. Ankapita kuntchito, kugwada kumbuyo kwa tofiirira tofanana ndi Kamasiye, n'kumatchula manambala amene ankawauza zomwe zikuchitika m'khola la apongozi awo. Akuti chakudya chinkawakanika pakhosi. Ine ndinawauza kuti chikanawatsamwa ndithu. Paja akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma apa lambe anatsala wamoyo, ovulala anali ena.

Miyezi iwiri itatha mphongo inapita pakhomo lina. Nkhosa zathu zinali ndi bere, ndipo amayi ankaziphikira madeya ndi mchere, n'kumazisisita mimba. Anandiuza kuti ndikonzeretu khola lina, chifukwa ana a mtundu waukulu amafuna malo.

Yoyamba kuswa inali nkhosa yawo yokalamba. Ndinathamanga m'mamawa nditamva kulira, ndipo ndinapeza kamwana kali dzandidzandi pa udzu, kofiirira, kamiyendo yoonda. Ndinati mwina katengera mayi ake. Yachiwiri inaswa chimodzimodzi. Yachitatu inabereka kokhala ndi banga loyera pakhutu, ndipo pamenepo ndinaphulika kuseka, Mulungu andikhululukire, mpaka ndinagwira mtengo wa khola. Nditatembenuka ndinaona nkhope ya amayi, ndipo kuseka kunathera pakhosi. Kamasiye kanali kataima pambali pawo, kakukankha dzanja lawo ndi mphuno.

Za anansi nazonso zinaswa zofiirira zokhazokha. Anayamba kutidutsa osapereka moni wokwanira. Amayi anayesa kunena kuti mwina mphongo ya gulu ndi yosabereka, ndipo kwa kanthawi anthu ena anavomereza. Koma pakhomo lachiwiri lija, pamene mphongoyo inafika itakhwima, panabadwa ana oyera mbee, amiyendo ngati mitengo. Gulu linaitanitsa msonkhano.

Unachitikira m'kalasi ya sukulu, akuluakulu titapanikizana pa mabenchi a ana, mawondo akugunda madesiki. Alamu anawabweretsa amayi panjinga n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi matsache. Wapampando anauza amayi kuti aimirire, ndipo anaimirira atatsamira ndodo. Kenako anaitana mlangizi wa ziweto, mtsikana woti akhoza kukhala mdzukulu wawo, kuti afotokoze. Mtsikanayo analibe chipongwe, ankangochita ntchito yake. Anajambula pabolodi ndi choko, n'kufotokoza kuti nkhosa za mtundu waung'ono zimatha msinkhu msanga, kuti botolo silitanthauza kanthu, kuti kamphongo kotere kakhoza kukwera khola lonse. Anatchula ziwalo ndi mayina ake. Achinyamata ankatsinana, amuna ankatsokomola, ndipo amayi anga, munthu amene anabereka ana asanu ndi kuika m'manda mwamuna, anaima pamenepo akuphunzitsidwa mmene mimba imabwerera. Ndinkalakalaka pansi patang'ambika. Mlangizi ananenanso kuti mphongo ya gulu iyenera kuti inafika idakali yaing'ono, koma wapampando, amene anaisankha, anadumpha mawu amenewo ngati sanawamve.

"Lamulo ndi lamulo, amayi. Chachimuna chinalipo m'khola kapena panalibe?"

"Chinalipo."

Ndiye mayi wa nyumba yoyandikana uja, amene nkhosa zake ziwiri zinaswa zofiirira, anakweza dzanja.

"Ine chikundidabwitsa n'chimodzi. Akamwini awo amagwira ku famu ya nkhosa. Anabwera kudzaiona mphongoyo, ine ndikuona ndi maso angawa. Iwowo sanaone kanthu?"

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Alamu anangoti zyoli. Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka, koma amayi anawatsogolera, ndipo analankhula mokweza kuposa mmene ndinawamverapo.

"Aja ndi a m'ofesi. Amadziwa cholembera. Za m'khola musawafunse, mlandu ndi wanga."

Anthu anaseka, wina anati zoona, Akalaliki sangasiyanitse nkhosa ndi mbuzi. Wapampando anagamula kuti amayi achotsedwa m'gulu. Anatuluka pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, anthu akukoka miyendo kuti adutse.

Pobwerera anakana kukwera njinga. Tinayenda atatu, alamu akukankha njinga pambuyo. Titafika amayi anakhala pakhonde n'kundituma kuti ndikaike madzi pamoto. Khitchini yathu ili ndi zenera lopanda galasi, ndipo ine sindinabadwe wogontha.

"Khalani pansi, bambo," anatero amayi.

Ndinamva mpando ukukokedwa.

"Chaka chimene munkafunsira mwana wanga, ine ndi malemu apongozi anu tinapita ku famu kwanuko. Tinanena kuti tikufuna kugula nkhosa, koma tinkafuna kuona munthu amene akutenga mwana wathu. Ku ofesi anatiuza kuti muli kumakola. Tinakupezani mutagwada kumbuyo kwa mphongo, manja muli kufunditsa m'khwapa, mukuinyengerera ngati mwana wodwala. Simunatione. Ndinawauza malemu kuti munthu wogwira nyama chonchi sangamenye mwana wanga, ndipo tinabwerera."

Madzi anayamba kulira m'ketulo ndipo ndinawachotsa pamoto kuti asandisokoneze.

"Zaka zonsezi, amayi?" Mawu a alamu anali ngati a munthu wina.

"Munkafuna kukhala Akalaliki, ndiye ife tikanati chiyani? Chinsinsi cha mwamuna wamkulu sachivundukula apongozi ake. Koma tsiku lija sindinakuitanireni tiyi. Mphongo ija sinkandisangalatsa, inkangodya. Ndinati pali munthu m'banja muno amene manja ake amadziwa. Ndinakuchotserani anthu onse pakhola."

"Ndinaona, amayi. Ndinaona zonse, ndi Kamasiye komwe."

"Ndinadziwa kuti mwaona kanthu. Nkhope yanu inasintha. Ndinadikira sabata yonse kuti mwina mubwera, kenako ndinati poti akhala chete ndiye kuti n'zazing'ono. Ine ndinachita manyazi kukufunsani mwachindunji, inu munachita manyazi kundiuza. M'khola monse muja amene sanachite manyazi ndi Kamasiye yekha."

Ndinasuzumira pazenera. Alamu anali atatsika pampando, atakhala pansi pa simenti, nkhope ili m'manja. Munthu wa imvi kale m'mutu ankalira mapewa akugwedezeka, ndipo ine, amene ndinkafuna kutuluka ndi chikombe kuti ndiwalalatire, ndinapezeka kuti sindingathe kuwayang'ana.

Atapukuta nkhope ananena kuti, "Ndikupita kwa apampando pompano. Ndikawauza ntchito yanga. Ndikawauza kuti mphongo ija inali mwana, ndinaiona, ndipo ndinakhala chete. Akubwezereni m'gulu."

"Simupita."

"Amayi, ndiloleni ndikonze."

"Mukakonza chiyani? Kamasiye ndinakasiya m'khola ndine, zimenezo sizisintha. Ndipo ndaima pamaso pa anthu onse aja n'kunena kuti inu za m'khola simuzidziwa. Lero anditcha nkhalamba yosadziwa kanthu, ndapirira. Mukufuna mawa anditchenso wabodza?"

Amayi anaimirira atatsamira ndodo yawo.

"Pitani kwanu, bambo, kusanade. Mawa muli ndi ofesi."